Mwasowatu, Bwana

Dzina lawo lenileni linali pa chiphaso pokha. Mumsewu monse, kuyambira pa siteji ya mabasi mpaka kuseri kwa msika, ankadziwika kuti a Mwasowa, ndipo ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho. Anali ometa tsitsi. Dzinali linachokera pa moni wawo. Munthu akangoponda pakhomo la shopu yawo, kaya anabwera mwezi watha, kaya anali pomwepo dzulo madzulo, moni unali umodzi: "Mwasowatu, bwana."

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, amene ankametera pakhonde la sitolo ya nsalu ndi mpando umodzi ndi kalilole wobenthuka pakona. Amalumewo anawasiyira zizolowezi ziwiri: kulonjera aliyense ngati wachokera kutali, ndi kuluma chipeso. Dzanja lina likagwira makina ometera, lina likagwira mutu, chipeso chinkakhala chopingasa pakamwa, ndipo ankalankhula nacho momwemo ngati chinamera pamenepo.

"Tsiku lina mudzachimeza chimenecho," akazi awo ankatero. "Ine kuchipatala sindidzakuperekezani. Ndikawauza chiyani anamwino?"

Shopu inali kachipinda kopanikizika pakati pa wokonza mawotchi ndi wosoka nsapato. Munali mpando umodzi wachitsulo wozungulira, umene kale unali wa dokotala wa mano, benchi ya anthu anayi, ndi kalilole wamkulu woyang'anizana ndi chitseko. Wokhala pampandowo ankaona nkhope yake, ndipo kumbuyo kwake ankaonanso kachigawo ka msewu: pholo la magetsi ndi khonde la sitolo ya mankhwala tsidya linalo. Nsalu zofunditsa ometedwa zinali ziwiri zabuluu, ndipo akazi awo anazipinda m'mphepete ndi ulusi wofiira. M'kachipinda kameneka a Mwasowa analereramo ana atatu, ndipo sanayambanepo ndi munthu kupatula okangana za mpira.

Mwa onse amene ankakhala pampando umenewo, wotchuka anali mmodzi. Ankangoti a Mlembi. Mabuku awo ankawerengedwa m'sukulu, pa wailesi ankamveka pafupipafupi, ndipo anthu ochokera kutali ankawaimitsa pamsewu kuti angowagwira chanza. A Mwasowa sanamalizepo buku lawo ndi limodzi lomwe; ankati zilembo zing'onozing'ono zimawaliritsa maso. Koma mutu wa a Mlembi ankaudziwa bwino: chipsera kuseri kwa khutu lamanzere, ndi imvi zimene zinayambira mbali imodzi ngati zalakwitsa njira. Ankabwera Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse.

"Mwasowatu, bwana."

"Ndasowa bwanji chithunzi changa chili m'nyuzipepala?"

"Chithunzi sichimera tsitsi. Khalani apa."

"Mukandidula khutu ndikulembani m'buku."

"Lembani, bola mundipatse galimoto mmenemo. Ndi mimba yocheperako."

Loweruka, pa 9 Novembala, kunatentha kuyambira m'mawa. Pabenchi panali a Mawotchi, wokonza mawotchi wa khomo loyandikana uja, mnzawo wa zaka zambiri, amene khutu lamanja linagontha ali mwana. Anali akungocheza poti kwawo kunalibe makasitomala. A Mlembi analowa chakumasana, a Mwasowa akumalizitsa munthu wina, chipeso pakamwa. Anawalonjera monga mwa masiku onse. A Mlembi anangogwedeza mutu, nakoloweka chipewa pamsomali. Nthabwala panalibe tsiku limenelo, koma a Mwasowa anangoti ndi kutentha.

Anayamba mbali yakumanzere monga ankachitira, naimaliza yonse. Atawerama kuti auzire tsitsi limene linatsakamira m'mano a makina, anamva phewa lili pansi pa dzanja lawo likuuma. Podzutsa mutu anaona kuti maso a a Mlembi sali pa nkhope yawo m'kalilolemo. Anali kumbuyo, kumsewu. Nkhope inali ya munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa pamalo pamene palibe womudziwa.

"Ndikubwera," anatero a Mlembi.

Ananyamuka nsalu yabuluu ili m'khosi, mutu wometedwa theka, chipewa chili pamsomali.

"Bwana, ana akusekanitu kunjako," a Mwasowa anatero, nawonso akuseka.

Anadikira makina ali m'manja. Kenako anawazimitsa. Atatuluka kukasuzumira, msewu unali monga umakhalira: wogulitsa mazira, njinga, mayi akukoka mwana wolira. Pakhonde la sitolo ya mankhwala panalibe munthu. Anafunsa wosoka nsapato, koma iye maso anali pa chidendene chimene ankakhoma.

Lolemba wailesi inalengeza kuti a Mlembi sanabwerere kunyumba. Masana ake apolisi anafika, natenga chipewa, nafunsa aliyense payekha. Atafika kwa a Mawotchi anawafunsa ngati panali mawu alionse pakati pa wometa ndi wosowayo. A Mawotchi, munthu woopa bodza kuposa njoka, anaganiza kaye.

"Mmene amalowa muja, ine ndinamva kuti, 'Musowatu, bwana.'"

Wapolisi anasiya kulemba, nawayang'ana, kenako analemba.

Apolisi anawatengera a Mwasowa m'chipinda cha tebulo limodzi, zenera lake lili m'mwamba moti munthu ankangoona mapazi a nkhunda. Wowafunsa anali bambo wofatsa, wa zikhadabo zoyera, wosakweza mawu.

"Nenaninso mawu aja, akulu."

"Mwasowatu, bwana."

"Mwa, kapena mu?"

"Mwa, bwana. Ndimalonjera choncho aliyense. Funsani msewu wonse."

"Tafunsa mnzanu. Inu mwauza munthu kuti asowa, ndipo asanamalize n'kumeta komwe, wasowadi. Mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Munkamuchenjeza kapena munkamuopseza? Zonse ziwiri zikutanthauza kuti mumadziwa."

Anawabwerezetsa moniwo mpaka pakamwa panauma, ndipo pomalizira pake iwo eni sankamvanso bwino chimene chikutuluka. Umboni wina panalibe, choncho anawamasula. "Musapite kutali," anatero wa zikhadabo zoyera uja, akuwatsegulira chitseko mwaulemu.

Nyuzipepala inali itatuluka kale, mawu aja ali pamwamba m'zilembo zazikulu. Za a Mlembi anthu ananena zambiri. Ena ankati athawira kunja, ena ankati kuli mkazi wina, ena ankati mutu unasokonekera ndi maphunziro. Ena, akayang'ana kaye uku ndi uku, ankati buku lawo lomaliza linaponda zala za anthu osapondeka. Koma nkhani iliyonse inkathera pa wometa. Ndipo anthu anayamba kukumbukira. "Inenso anandiuzapo choncho," wina ankatero pa siteji. "Ndinkangoyesa ndi moni." Dzina linasintha lokha. Anakhala a Musowa.

A Mwasowa ankayembekezera miyala kapena kutukwanidwa. Zimene zinabwera zinali zoopsa kuposa pamenepo: ulemu. Wosoka nsapato, amene kale ankawaseka dazi, anayamba kuimirira iwo akamadutsa. Akakwera basi nkhani zinkaduka, ndipo wina ankawasiyira mpando. Tsiku lina mayi wina amene sankamudziwa analowa m'shopu, nagwada pa tsitsi la pansi.

"Bambo, mlongo wanga nayenso anapita chaka chatha. Sindikufuna kudziwa zambiri. Mungowauza akuluakulu anuwo kuti ali ndi matenda a shuga, azimupatsa mankhwala."

"Mayi, dzukani. Ine ndine wometa."

"Ndikudziwa, bambo. Sindiuza munthu."

Atachoka mayiyo, a Mwasowa anakhala pabenchi. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti ali pakati pa mantha awiri. Anthu ankayesa kuti iwo ndi mmodzi wa osowetsa anzawo. Koma ngati osowetsawo analipodi, ndiye kuti nawonso ankadziwa kuti pali wometa amene anaima kutsogolo kwa kalilole tsiku lija, ndipo sakanakhulupirira kuti maso ake anali pa mano a makina.

Lachiwiri, pa 3 Disembala, pobwera kudzatsegula m'mawa, anapeza kanthu pakhomo, kamwala kali pamwamba kuti mphepo isakaulutse. Inali nsalu yabuluu ya ulusi wofiira. Inali yochapa, yosita, yopindidwa bwino makona onse ofanana. Inkanunkhira sopo amene iwo sanamumvepo. Tsitsi munalibe ngakhale limodzi.

Anathamangira nayo kunyumba ataibisa m'malaya.

"Itentheni," anatero akazi awo, osafuna n'kuikhudza komwe. "Bambo a ana, itentheni pompano."

"Wosoka nsapato wandiona ndikuitola."

Anapita nayo kupolisi. Wa zikhadabo zoyera uja anaitambasula, nainunkhiza, namwetulira pang'ono.

"Amakukondanitu anzanuwa. Mpaka kukusitirani."

Kuyambira pamenepo akazi awo sanasiye kupempha kuti asamuke. Mwana wawo wamkazi, amene ankaphunzira unamwino, analemba mayeso anzake atamusiyira benchi yonse yekha. Koma a Mwasowa anakana.

"Tikathawa ndiye kuti tavomera. Komanso munthu anati akubwera. Akadzapeza potseka?"

"Inu, munthu ameneyo sabweranso."

"Sindinamalize kumumeta."

Choncho ankatsegula tsiku lililonse, n'kusesa pansi popanda tsitsi. Omwe ankalowa anali alendo otsika basi, osadziwa kanthu, ndipo ena a iwo ankauzidwa ali kale pampando ndi wina wowakodola panja. Moni uja unafa. Munthu akalowa ankangomva kuti, "Khalani." Kametedwe nako kanasintha. Sanamalizenso mbali imodzi asanayambe inzake. Ankadula pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, kubwereranso kumanzere, kuti munthu atanyamuka nthawi iliyonse, mutu ukhale wofanana. Mlendo wina atafuna kuimirira kuti akaone katundu wake panja, a Mwasowa anamukanikiza phewa mwamphamvu moti munthuyo anatembenuka ndi mantha.

Ndi a Mawotchi ankangosiyana khoma, ndipo m'shopu mukakhala zii, kugunda kwa mawotchi kunkamveka. Kamodzi kokha a Mwasowa analowako.

"Achimwene, zaka zonsezi tadyera mbale imodzi. Ine ndinganene mawu amenewo?"

"Ndinanena zimene ndinamva," anayankha a Mawotchi. "Mukanafuna ndiname kwa apolisi?"

Anabwerera m'mbuyo pang'ono, kawotchi kali m'manja. A Mwasowa ataona kuti mnzawoyo akuwaopa, anatuluka.

Masana ambiri ankakhala okha pampando wachitsulo uja, n'kudzitsitsa pang'ono kuti afanane msinkhu ndi a Mlembi, n'kuyang'ana m'kalilole. Pholo la magetsi. Khonde la sitolo ya mankhwala. Aliyense woima pakhondepo kwa kanthawi ankamukayikira, kaya ndi nkhalamba yodikira mapiritsi, kaya ndi munthu wothawa dzuwa. Anaonda.

M'chaka chachinayi, Lachiwiri pa 21 Malichi, pakhomo panaima mayi wamtali, wa imvi zodula pafupi, chikwama cha mabuku chili paphewa. A Mwasowa anamuzindikira chifukwa cha zithunzi za m'nyuzipepala. Anali akazi a a Mlembi, aphunzitsi a ku sekondale. Sanapondepo mumsewu umenewo chisowereni amuna awo. A Mwasowa anaika sizasi pansi pang'onopang'ono, kuti mayiwo aone kuti m'manja mulibe kanthu.

"Mayi, ine sindikudziwa chilichonse. Ndinanena kale."

"Sindinabwere kudzafunsa zimenezo. Mnzanu wa mawotchi alipo? Muitaneni."

A Mawotchi anabwera akukokera mapazi, nakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko. Wosoka nsapato anasiya kukhoma. Panja anthu awiri atatu anayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Chipeso chanu chili kuti?" anafunsa mayiwo. "Chilumeni monga mumachitira mukamagwira ntchito."

A Mwasowa sanamvetse, koma anachiluma.

"Tsopano ndilonjereni. Moni wanu uja."

Mawuwo anali asanatuluke m'kamwa mwawo kwa zaka. Anapukusa mutu. Mayiwo anadikira, osaphethira. Pomaliza a Mwasowa anatseka maso, nalankhula mano ali pa chipeso.

"Musowatu, mayi."

Anatsegula maso. Anali atadzimva okha.

"Ndi amenewo," a Mawotchi ananong'ona. "Ndi amenewo ndinamva."

"Chotsani chipesocho. Nenaninso."

"Mwasowatu, mayi."

Mano akaluma chinthu, pakamwa sipatseguka mokwanira kuti "mwa" atuluke. Zaka zonsezo a Mwasowa ankauza theka la msewu kuti lisowa, ndipo anthu ankamva moni chifukwa moni ndi umene ankayembekezera.

"Sabata yatha ndinali ndi mabuku m'manja monse, cholembera pakamwa," mayiwo anafotokoza. "Ndinalonjera mphunzitsi mnzanga wochokera kutchuthi ndi moni womwewu. Nkhope yake inagwa, mpaka anagwira khoma. Pamenepo ndinakumbukira kuti amuna anga ankakutsanzirani patebulo, pensulo ili pakamwa. Ine ndinkaseka nkhope yawo, mawuwo osawamvetsera. Ndadana nanu nthawi yaitali, bambo. Ndimati mudziwe zimenezo."

A Mawotchi anaphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka.

Mayiwo anaika chikwama pabenchi, nakhala pampando wachitsulo. "Ndiyepuleniko pang'ono kumbuyoku. Chitseko chisiyeni chotsegula, aone."

A Mwasowa anawafunditsa nsalu imene inatsala. Anali asanadule n'kamodzi komwe pamene anamva phewa likuuma pansi pa dzanja lawo, monga tsiku lija. Maso a mayiwo anali kumbuyo, kumsewu.

"Khonde lija limaoneka chonchi?" anafunsa motsitsa. "Kuchokera pano?"

"Limaoneka, mayi."

"Pamenepo ndi pamene ndinkawadikira amuna anga. Loweruka lililonse lometa ndinkachokera kumsika n'kuima pamenepo, poti muno mumadzaza amuna. Ndinkadabwa kuti amadziwa bwanji kuti ndafika."

"Ndiye kuti tsiku lija anaona inu?"

"Tsiku lija sindinabwere. M'mawa, iwo atangotuluka, kunyumba kunalira foni. Mawu a mzimayi, aulemu kwambiri. Anati, 'Bambo akuti lero musavutike kuwadikira.'"

"Munawauza apolisi?"

"Ndinawauza. Anati mwina ndi chibwenzi."

Onse awiri anayang'ana khonde lija m'kalilolemo. Panalibe munthu. Dzuwa linali litagwa pa simenti, ndipo kapepala kankazungulira ndi mphepo.

"Nanga pamalo panu panaima ndani?" a Mwasowa anafunsa.

Mayiwo anachotsa maso pa kalilole. Kenako anati, "Dulani, bambo. Anthu akuyang'ana."

Anadula pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, chipeso chili m'thumba la malaya. Atamaliza, mayiwo anaimirira pakhomo, nawagwira chanza ndi manja awiri msewu wonse ukuona, kenako anapita osacheuka kutsidya.

M'mawa mwake woyamba kulowa anali a Mawotchi, tsitsi lili nyankhalala, poti chiyambire nkhaniyi ankadzimeta okha. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja. A Mwasowa anatsegula pakamwa, koma moni sunatuluke. Ndiye a Mawotchi ndiwo ananena, mokweza monga amalankhulira ogontha.

"Mwasowatu, achimwene."

"Tilipo," anayankha a Mwasowa. "Khalani. Amene wakhala akukumetaniyo ndi wofunika kumangidwa."

Nkhani ya chipeso inayenda, ngakhale sinathamange ngati yoyamba ija, ndipo nyuzipepala inaiika pakona, pafupi ndi zotsatsa. Wosoka nsapato anayambiranso kuwaseka dazi. Anthu anabwerera, osati onse. Panali ena amene mpaka mapeto ankawoloka msewu akawaona, ndipo mayi wa mlongo wodwala shuga uja anabweranso kawiri, osakhulupirira kuti wometa alibe akuluakulu.

A Mlembi sanapezeke. Palibe mtembo, palibe uthenga, palibe amene anavomera kuti anaona munthu wometedwa theka, nsalu yabuluu ili m'khosi, akuyenda mumsewu wodzaza anthu masana.

A Mwasowa anameta mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo anamwalira pa 17 Juni, akazi awo ali pambali. Chipeso sanachilumenso. Mpando anausuntha pang'ono kuti wometedwa aziona khoma lokha kumbuyo kwake, koma pamene iwo ankaima, khonde lija linkaonekabe, ndipo ankalisuzumira pakati pa kudula kulikonse. Munthu akanyamuka asanamalize, kaya kukayankha foni, kaya kukataya madzi kuseri, n'kunena kuti, "Ndikubwera," a Mwasowa ankazimitsa makina, n'kumuvula nsalu, n'kutuluka naye limodzi. Ankaima pambali pake osalankhula, mpaka abwerere onse awiri.